Khadi la Mvula

Kudoko, Senga Bay
Lachiwiri, 11 Malichi, 9 koloko m'mawa, usipa nditayanika kale

Yankho, mkazi mnzanga,

Ndakhala pamthunzi wa thandala langa loyanikira usipa kulemba kalatayi, pepala ndang'amba m'kope la kwaya. Zilembo zikamayenda cham'mbali ngati nkhanu usaseke. Sukulu ndinalekera Sitandade 3, ndipo aphunzitsi ake anamwalira kalekale, ulibe koti ukandinenere. Moni. Kuno tili moyo, mawondo okha ndiwo akundichitira mwano. Nanga iwe ku Lilongweko ukudya? Karima, wogulitsa nsomba kwanuko uja, akuti wawonda ngati ndodo ya mbedza.

Katundu wako Karima wandipatsa atangotsika minibasi. Ndinakupempha mankhwala opaka m'mawondo. Nditaona kukula kwa katoni ndinati, ee, mdzukulu wanga watumiza a chaka chonse. Ndinaitana mayi a Binali, a thandala loyandikana ndi langa aja, kuti adzaone mmene ana ophunzira amasamalira agogo awo. Kutsegula, ndapeza nsalu yojambulajambula, timapepala, tizitsekerero ta mabotolo, ndi kafupa ka madontho kaja amaponya anyamata a juga kuseri kwa bala. Mayi a Binali ali pa swaumu, kusala kwa Asilamu, mwezi uno, safuna kuseka kwambiri kuopa ludzu, koma anaseka mpaka kugwira mzati. Akuti, “AnaChisale, akutumizirani juga kuti muzipaka m'mawondo?”

Tsono undiuze. Ine mayi wa Mvano, imvi mbuu, ndiyambe juga lero? Ukufuna abusa andilengeze pa guwa?

Komabe nsaluyo ndaiyang'ana, sindikana. Ndi doko lathu lomweli. Wajambula mathandala khumi ndi awiri, mkuyu, ndi njira yotsikira kumadzi. Wajambulanso mpanda wa loji yatsopano ija. Apo pokha walakwitsa, chifukwa mpandawo suli pomwe unausiya pa Khirisimasi. Umayenda, mwanawe. Wadya kale mathandala atatu. Sanawagwetse ndi mphamvu ayi, eni ake anazula okha mitengo, maso ali pansi. Atsala asanu ndi anayi. Mpandawo ukafika m'madzi ndiye kuti njira yatsekeka, usipa tizikautenga kudoko la kutali lija, ulendo wa ola lathunthu beseni lili pamutu. Ine ndi mawondo awa sindingathe. Thandala ili ndilo linakulera mayi ako atatisiya. Likapita, ine ndasanduka nkhalamba yodikira kupatsidwa, ndipo pakamwa pangapa sipadziwa kunena zikomo kawiri pa tsiku.

Amalume ako a Fanuel akadali mlonda ku loji komweko. Anawapatsa yunifomu ndi wezulo. Masiku ano akamandipatsa moni amaima njoo ngati ine ndi galimoto yofuna kulowa pageti.

Undiyankhe kudzera mwa Karima akamabwerera kogulitsa nsomba. Za foni usandiuze. Foni ndi ya Anna, mkazi wa amalume akowo, ndipo ndikamalankhula amaima pompo kukhala ngati akuchotsa nsabwe m'chitenje.

Ndine agogo ako,
NaChisale

*

Area 25, Lilongwe
16 Malichi

Agogo anga okondedwa,

Ndakondwa kumva kuti muli moyo ndiponso kuti pakamwa mpamphamvu ngati kale. Ine ndikudya ndithu, a Karima amathira mchere nkhani. Mankhwala ali m'katoni momwemo, pansi penipeni, ndinawakulunga m'nyuzipepala. Musataye katoni musanafufuze.

Si juga, Agogo, palibe kubetcha. Ndi masewero ngati bawo. Ine ndi anzanga atatu a kuntchito kosindikiza mabuku timapanga masewero oti anthu akamasewera aziona mmene achuma amadyera osauka masuku pamutu. Awa ndapanga ndekha, kuchokera pa nkhani yanu ya mpanda. Dzina lake ndi “Doko ndi la Yani?”

Amasewera anthu asanu. Mmodzi amakhala Bwana, anayi enawo ndi eni mathandala, aliyense atatu. Tizitsekerero ndi usipa. Munthu akaponya kafupa kaja amayanika usipa wochuluka monga madontho omwe aoneka. Bwana ali ndi makhadi a mphatso: ntchito ya mwana, malata, thumba la feteleza. Munthu akalandira mphatso, mpanda umadya thandala lake limodzi. Mpanda ukafika m'madzi, Bwana wapambana. Koma aliyense wa anayi aja ali ndi khadi lofiira lolembedwa KUNYANYALA. Onse akaliponya nthawi imodzi, n'kusiya kuyanika ulendo umodzi, mpanda umagwa.

Kuno tikamasewera Bwana amagonja nthawi zonse, chifukwa tonse tikudziwa kale yankho. N'chifukwa chake ndikufuna muyese inu eni doko. Mundiuze zoona, musandinyengerere. Ndikudziwa kuti simungatero n'komwe.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi a Anna.

Mdzukulu wanu,
Yankho

*

Kudoko
Lachinayi, 3 Epulo, 2 koloko masana

Yankho,

Moni. Mankhwala ndawapeza. Katoni ndinali nditapatsa nkhuku, ndipo inali itaikira kale mazira awiri pamwamba pa nyuzipepala yako. Mawondo akupepukako. Zikomo. Ndanena kamodzi, usayembekezere lachiwiri.

Masewero ako tayesa Idi itangodutsa. Tinali ine, mayi a Binali, Karima, Anna, ndi Beatrice wa kwaya uja. Iwe unkaganiza kuti amayi a pano adzakangana pofuna kugwetsa Bwana. Ayi. Tinakangana pofuna kukhala Bwana. Aliyense akuti ndatopa kukhala wosauka pa moyo, ndikhalenso wosauka pa nsalu? Ine ndinawauza kuti wamkulu pano ndine, ndipo nsalu ndi ya mdzukulu wanga. Ndinatenga makhadi a mphatso.

Mwanawe, ubwana ndi wokoma. Ndawadya kasanu ndi kawiri, osagonja ngakhale kamodzi. Ndikuuze nzeru yake. Suyamba ndi wosauka kwambiri ayi. Umayamba ndi amene ali pafupi ndi mpanda. Umamupatsa khadi mwakachetechete koma moti anzake aone mchira wake. Akalandira, enawo amayamba kuwerenga m'mitima: uyu wadya, ine ndikhalirenji ndi njala? Ndipo supatsa anthu awiri okondana motsatizana. Umadumpha, n'kupatsa amene anakanganapo za mwamuna kapena za beseni.

Khadi lako lofiira palibe akuliponya. Beatrice analiponya yekha ulendo wina, usipa wake wonse unapita, anzake akuseka. Iwe mwana wa kudoko waiwala? Usipa sunyanyalidwa. Ukausiya tsiku limodzi m'beseni umanunkha mpaka ku Khombedza. Inu kosindikiza mabukuko mukanyanyala, mapepala saola. Yankho lako ndi la anthu a nsapato.

Koma chomwe ndakhalira pansi lero si chimenecho. Dzana tikusewera, ndinatola khadi la ntchito ya mwana kuti ndipatse Karima, koma ndinaliika pansi. Ndinakumbukira kuti amalume ako analembedwa ulonda mu Disembala chaka chatha, mwezi wotsatira Anna anazula thandala lake, loyamba kumpanda. Mwana wa Lena analembedwa yochapa, Lena anazula lachiwiri. Mwamuna wa Thokozani analowa kukhitchini, lachitatu linapita. Mzere womwewo, ndondomeko yomweyo imene ine ndimawadyera pa nsalu. Ndinayang'ana kumpanda weniweni kuona lotsatira. Ndi la mayi a Binali.

Pakamwa pangapa sipafunsa chilolezo. Ndinangoti, “Binali amuitana ku loji sabata ino.”

Mayi a Binali anaima ndi kafupa m'manja. “Wakuuzani ndani?”

“Palibe. Ndikanakhala Bwana ndikanatero.”

Kani mwanayo anali atamuitana kale Lolemba kuti azikathirira maluwa, iwo akubisa. Anandinena kuti ndimamvetsera kuseri kwa nyumba yawo, kenako anati kapena ndimauluka usiku. Anakankha nsalu ndi phazi, usipa wa tizitsekerero mbwee mumchenga. Anna anadzuka osatsanzika. Lero ndi tsiku lachiwiri mayi a Binali osandipatsa moni, chonsecho timatembenuza usipa misana itagundana.

Lawo likapita, lotsatira ndi langa. Zimenezi masewero ako andionetsa bwino lomwe. Chomwe sanandionetse ndi pothawira.

Agogo ako,
NaChisale

*

Senga Bay
6 Epulo

Yankho, mbumba yanga,

Ndikhulupirira uli bwino. Kuno ana ali bwino, akupita kusukulu. Kalatayi ndapatsa a Karima mayi osadziwa.

Sindine munthu wolemba makalata, koma nkhani yafika poipa. Mayi akuyenda ndi nsalu yako thandala ndi thandala, kuuza anthu amene alembedwe ntchito mawa ndi amene azule mitengo mkuja. Azakhali ako Anna sakupitanso kudoko chifukwa cha manyazi. Dzulo a manijala anandiitana n'kundifunsa kuti nkhalamba ikusokoneza anthu ija ndi mayi anga kodi. Ndinavomera, ndikanakana bwanji.

Ine ndinakhala zaka khumi ndi chimodzi ndikupalasa bwato la eni, kubwerera ndi matuza m'manja ndi kambale ka usipa. Ntchito iyi ndi yoyamba yoti ana anga amadziwa kuti bambo abwera ndi kanthu. Pa nsalu yako ine ndine khadi chabe, ndamva. Koma khadi limeneli lili ndi ana atatu. Iwe ukalemba kuti KUNYANYALA, mwezi ukatha umalandira malipiro ako. Sindikukunyoza, ndinakunyamula pamsana. Ndikungopempha kuti uwauze mayi abweze chinthucho. Ine akandiona amangoti, “Tsegulani geti, a wezulo.” Iwe amakumvera.

Amalume ako,
Fanuel

*

Area 25, Lilongwe
10 Epulo

Agogo,

Moni. Ndalandira kalata yanu, ndamvanso kuchokera kwina kuti zinthu sizili bwino. Ndalakwa ndine. Ndinajambula anthu amoyo ngati tizitsekerero, osaganiza kuti akadzadziona pa nsalu zidzawapweteka. Ndakudanitsani ndi mayi a Binali, ndipo ntchito ya amalume ili pa ngozi. Za khadi lofiira mwanena zoona, ndinaiwala fungo la usipa wogona.

Chonde mupatse a Karima nsaluyo abwere nayo, kapena muiwotche. Ngati thandala lipita, mubwere mudzakhale ndi ine kuno. Chipinda n'chaching'ono koma tikwana.

Mdzukulu wanu,
Yankho

*

Kudoko
Lachitatu, 16 Epulo, 4 koloko madzulo

Yankho,

Moni, ngakhale kalata yako yandikwiyitsa. “Kuchokera kwina” kumeneko ndikudziwa, kumavala yunifomu. Ndiwotche nsalu yabwinobwino? Ndibwere ku Lilongwe ndizidzayanika chiyani, masokosi ako? Ukapanga mpando n'kupeza mwendo umodzi ndi waufupi, suwotcha mpando. Khala pansi umve.

Lolemba ndinapita kuchigayo, usipa nditayanika mabeseni atatu. Pobwerera, ndili pa mkuyu, kumwamba kunada mwadzidzidzi kuchokera kunyanja, ndipo ndinamva mwana wina akukuwa kuti, “Mvulaaa!” Ukukumbukira lamulo la doko? Kapena nalonso unalisiya m'minibasi? Mawu amenewo akamveka, aliyense amataya chomwe wagwira. Woyamwitsa amathamanga mwana ali kubere. Sufunsa kuti thandala ili n'la yani, umaphimba lomwe wayandikira, lako ena akuphimbira. Ana timawaphunzitsa asanadziwe kuwerenga. Amalume akowo ndinawakwapulapo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa anabwera akuyenda m'malo mothamanga, mpaka lero chipsera cha bango chilipo pa katumba.

Ine ndi mawondo anga ndinafika mvula itayamba kale kumenya. Ndinkadziwa kuti mabeseni atatu apita. Kufika, ndapeza thandala langa lophimbidwa ndi pepala lapulasitiki, ndipo pamwamba pake pagona munthu chafufumimba, manja uku ndi uku, kuti mphepo isaulutse. Mayi a Binali. Munthu woti masabata awiri sanandipatse moni. Lawo anali atangophimba theka.

Ndinati, “Amake Binali…”

Iwo, madzi akuyenderera m'makutu, akuti, “Musaganize kuti ndakukhululukirani, mfiti inu. Gwirani ngodya iyo!”

Ndinagwira. Kuyang'ana uko, Anna amene alibe n'thandala lomwe akuphimba la Beatrice. Lena naye ali pomwepo. Onse amene analandira mphatso za Bwana anali pa doko, atanyowa chimodzimodzi ndi ife.

Madzulo ake ndinang'amba katoni ya sopo n'kulembapo ndi makala kuti MVULA. Makhadi ako ofiira ndapatsa ana azisewera nawo. Lamulo langa ndi ili: khadi la Mvula ndi limodzi, limakhala pakati. Wina akalitola n'kukuwa, onse amaika manja pa nsalu, ngakhale amene anadya kale za Bwana, ndipo mpanda sudutsa pomwe pali dzanja. Palibe wosiya kuyanika, palibe usipa woola. Koma limaponyedwa kamodzi kokha pa masewero onse. Ukafulumira nalo, Bwana amangodikira kuti liume. Ukachedwa, wapeza mpanda uli m'madzi.

Dzulo tinayesa. Mayi a Binali anabwera okha, akuti abwera kudzaona mfiti ikugonja. Ndipo ndinagonja, mwanawe, koyamba. Anandivinira pamaso mpaka mpango unagwa.

Binali ntchito wayamba, akuthirira maluwa. A manijala akuti mayi ake azule thandala nyengo yozizira ikatha. Iwo sanavomere, sanakane. Ine sindiwafunsa.

Konza masewero ako monga ndakuuzira, ndipo ulembepo kuti lamulo ili ndi la anaChisale.

Agogo ako

*

Area 25, Lilongwe
21 Sepitembala

Agogo anga,

Moni. Miyezi isanu tsopano popanda kalata yanu. A Karima sindikuwaonanso pamsika. Ndikaimbira amalume amangoti, “Ali bwino,” n'kudula. Kodi ndinakulakwirani? Kodi mukudwala? Thandala lilipo?

Khadi la Mvula tinaliika, dzina lanu lili pansi pake. Tasindikiza nsalu makumi asanu. Amayi ogulitsa tomato amene akufuna kuwasamutsa pamalo awo akusewera, koma iwo akuti kwawo mawu oitanira onse si mvula, ndi “Wakuba!”, ndiye asintha okha. Tsopano Bwana amapambana nthawi zina, nthawi zina amagonja, ndipo anthu amakangana mpaka kuiwala kudya.

Kalatayi ndapatsa dalaivala wa minibasi ya ku Salima. Chonde, ngakhale mzere umodzi.

Yankho

*

Kudoko
Lachiwiri, 7 Okutobala, 10 koloko m'mawa, dzuwa likuswa mtengo

Yankho, mkazi mnzanga,

Moni. Sindinafe, ukanamva. Karima anali woyembekezera, wabereka mwana wamkazi wamakutu ngati bambo ake, ndiye anasiya maulendo. Ine kalata yanga sindipatsa dalaivala. Yako inafika itanyowa mafuta a tchipisi. Karima ayambanso mawa, tsono tenga mpando, nkhani ndi yaitali.

Miyezi yonseyi Bwana weniweni wakhala akusewera bwino, ndimupatse ulemu wake. Mwezi uliwonse ntchito zingapo, thandala limodzi. Anadumpha la mayi a Binali ndi langa n'kumadya a kumbuyo kwathu, monga momwe ndikanachitira ine. Pofika mwezi watha ku loji kunali ana a pano khumi ndi asanu ndi awiri: ophika, ochapa, osesa, olondera. Nyumba iliyonse ya pa doko inali ndi wake mkatimo. Mathandala anatsala anayi, ndipo amayi onse ozula aja ankayanika pa anayi omwewo mopanikizana. Kwa ine anatuma amalume ako ndi uthenga wa malata makumi awiri. Ndinawauza kuti akafolere wezulo.

Lachisanu lapitali usipa unafa wambiri, wosaoneka chaka chino. Mathandala anayi onse anadzaza mpaka kulendewera, usipa wa mudzi wonse. Cha m'ma 8 koloko kunafika lole ya mizati ya simenti ndi anyamata achilendo a makasu. Anayamba kukoka chingwe kuchokera pa mkuyu, kudutsa pakati pa njira, kulunjika kumadzi. Mathandala onse anayi mkati mwa chingwe. Akuti a manijala anena kuti tichotse nsomba pofika masana.

Pa doko tinalipo amayi asanu okha, ena anali kumadimba ndi kumsika. Ndinati tiyeni tikaitane anthu. Beatrice akuyang'ana zala za kumapazi. Lena akuti, “AnaChisale, mwana wanga ali mkatimo.” Mayi a Binali akungotembenuza usipa womwe anautembenuza kale. Sindinawadzudzule. Ndakhala Bwana kokwanira, ndikudziwa kulemera kwa khadi la mphatso likakhala m'thumba mwako.

Khasu loyamba linalowa pansi. Ndinayang'ana kumwamba. Mbee, ngati mbale yotsuka, ngakhale kamtambo kopukutira thukuta. Zaka zanga zonse sindinanamepo pa doko ndi mawu amenewa, ndipo amayi anga akanakhala moyo akanandidula lilime. Ndinakwera pa beseni lovundikira, mawondo akulira, n'kukoka mpweya wonse wa kwaya.

“Mvulaaaa!”

Mwanawe, miyendo ya munthu wa pano sifunsa maso. Ana anayamba kulandizana mawuwo mpaka kumsewu. Anthu anatuluka m'madimba, m'nyumba, kuchigayo, mapepala apulasitiki akuuluka kumbuyo. Asodzi ogona pansi pa mabwato anadzuka akuthamanga asanatsegule m'maso. Ndiye geti la loji linatseguka. Woyamba kutuluka anali mwamuna wa Thokozani, chipewa choyera kumutu, chipande m'manja. Kumbuyo kwake mwana wa Lena ndi anzake ochapa, atanyamula nsalu zoyala pabedi za alendo, zoyera mbee, poti ndizo zinali m'manja. Binali anataya paipi madzi akutuluka. Ndipo patsogolo pa onse, kudumpha chingwe ngati mbawala, nsapato za ulonda phwa phwa phwa, amalume ako a Fanuel. Bango lija linagwira ntchito.

Kuphethira kamodzi, mathandala anayi onse aphimbidwa, la ine ndi nsalu ya pabedi ya maluwa m'mphepete. Anthu oposa zana atagwira ngodya, ataponda chingwe, ataima pomwe pamayenera kukumbidwa maenje. Kenako mmodzimmodzi anayamba kukweza maso kumwamba.



Mayi a Binali ndiwo anayamba. “AnaChisale, mvulayo ili kuti?”

Ndinaloza lole ya mizati. “Inu yang'anani pansi, kumwamba kulibe mlandu.”

Wina anaseka, kenako doko lonse. Koma ona, palibe anasiya ngodya yake. Aliyense anayang'ana mnzake, n'kuona kuti amene ankamuopa kuti akamunenera kwa Bwana nayenso wagwira nsalu yomweyo.

A manijala anafika akupuma ngati ng'ombe ya pangolo. “Fanuel! Chotsa anthu awa!”

Mwana wanga anayang'ana bwana wake, n'kuyang'ana ine. Wezulo ali pachifuwa. Akuti, “Bwana, ndagwira ngodya. Pano munthu sasiya ngodya mnzake asanasiye.”

“Ndikuchotsani ntchito nonsenu!”

Mwamuna wa Thokozani anakweza chipande mwaulemu. “Zikomo bwana. Koma alendo makumi atatu aja akudikira mazira. Mukawakazingira ndinu?”

A manijala anayamba kuwerenga antchito awo ndi chala. Anafika pa khumi ndi asanu ndi awiri, chala chinatsika chokha. Anatola mwana m'nyumba iliyonse kuti atigawe, osadziwa kuti akudzaza loji yawo ndi anthu oleredwa ndi lamulo limodzi. Pamenepo n'kuti alendo ena atatsika ndi matawulo m'khosi, akufunsa kuti kodi ndi mwambo wanji wokongolawu wofunditsa nsomba. Anyamata a makasu anakhala pansi pa mkuyu, Beatrice anawapatsa usipa wowotcha. Dzuwa lisanafike pamutu mizati inabwerera pa lole.

Dzulo kunabwera anthu a ku boma ndi tepi yawo yoyezera. Ayeza, alemba, anena kuti mpanda usasunthenso ndipo njira ikhale yotsegula mpaka nkhani idzakambidwe bwino. Sindikunamiza kuti tapambana zonse. Malo a mathandala asanu ndi atatu aja akadali mkati mwa mpanda. Koma langa lilipo, ndalembera pamthunzi wake, ndipo Lena ndi Anna akukumba maenje a atsopano mbali ya kuno. Palibe wachotsedwa ntchito. Amalume ako angowasamutsira ku geti la kumbuyo, kolowera makala, ndipo awalanda wezulo. Mudzi wapuma.

Ine mlandu sunandiphonye. Amayi anakhala pansi n'kugamula kuti wonama mvula, ngakhale ndi nkhalamba, alipe. Sabata yonse ino ndikutembenuza usipa wa aliyense ndekha. Woweruza anali mayi a Binali, ndipo amabwera kudzaloza ndi phazi pomwe ndasiya. Ndavomera. Lamulo likapanda mano, tsiku la mvula yeniyeni anthu adzayamba ayang'ana kumwamba. Khadi la Mvula lija laponyedwa, silibweranso, ndinanena ndekha.

N'chifukwa chake tsopano Lachisanu lililonse tiziyala nsalu yako pansi pa mkuyu. Wokhala Bwana ntchito yake ndi kuganiza chomwe mnzake wa mpandayo achite mawa, enafe tizifuna poti tidzagwire. Lamulungu amalume ako anabwera okha, akuti ayeseko ubwana. Mwanawe, ndi Bwana womvetsa chisoni. Amagawa malata osatenga thandala. Ndinawauza kuti akhale ku geti la makala komweko.

Tsono kalata iyi usaipinde n'kuiika pansi pa sutikesi ngati satifiketi. Uwawerengere anzako a mabuku aja, ndi amayi a tomato. Ukatha umubwezere Karima pamodzi ndi nsalu ziwiri, akasiye kwa amayi a doko la kwa Maganga, ndamva kuti nawonso mpanda wayamba kuwayendera. Akawerenga apatsire ena. Ukawauze kuti asakope mvula yathu, afufuze mawu awo amene amathamangitsa ngakhale adani, ndipo awasunge mpaka khasu litalowa pansi.

M'katoni ya nsaluzo uikemo mankhwala a mawondo. Pamwamba, osati pansi. Nkhuku ija ikadalipo.

Ndine agogo ako,
NaChisale